Makina Amene Sanadikire Amalume

Kapata,
Chipata.
19 Ogasiti 2024

Okondedwa Ketilina,

Ndayamba ndi ulemu wa "okondedwa" chifukwa posachedwapa ndiyenera kuzolowera kukutchula kuti aSisitere, koma m'kalata ino undilole ndikhale mkulu wako ndithu, yemwe uja ankakutsina ukayamba kusinza m'tchalitchi. Ndikhulupirira uli bwino ku Mongu pamodzi ndi anzako amene mukuphunzira nawo usisitere, ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiya. Ine thupi lili bwino. Zina zonse sizili bwino.

Kalata yako ndinalandira. Wafunsa chifukwa chake amama sanalankhule nawe tsiku loika maliro a achimwene ako Petulo, pamene aSisitere aakulu anakubwereka foni. Wafunsanso chifukwa chake aliyense amangokuyankha kuti amama akupumula. Usanapitirire kuwerenga, khala pansi ndipo itana mnzako mmodzi akhale pafupi nawe. Amama ali moyo, ndayamba ndi zimenezo kuti mtima usakuthawe. Koma anachita sitiroko tsiku lomwe anamva za Petulo. Mbali yakumanja inafa, mawu anatsekeka, ndipo chakudya chochokera m'dzanja langa amachikana. Akutha ine ndikuona. Amalume a Mthunzi analamula kuti iwe usauzidwe mpaka utachita malumbiro ako mu Disembala. Lamulo limenelo ndaliphwanya ndi maso awiri, ndipo ukamaliza kuwerenga uweruze wekha.

Kuti umvetse, uyenera kudziwa kaye ntchito yanga, chifukwa nonse kumudzi mumaganiza kuti ku TV ndimanyamula kamera kapena ndimapaka anthu ufa kumaso. Ayi. Ine ndimakhala m'kachipinda kopanda zenera, kozizira, pamodzi ndi makina otchedwa seva. M'makina amenewa ndi momwe timasungira tizidutswa tonse ta kanema timene mumaonera, ife timati makilipu: nkhani, nyimbo za makwaya, malonda a mbewu ndi feteleza, mauthenga a ukwati ndi a maliro. Ntchito yanga ndi kuwandandalika bwino ndi kuwatulutsa pa nthawi yake. Seva yathu yakale tinaipatsa dzina loti Chigayo chifukwa cha phokoso lake. Inali yaulesi, yokonda kuzima malaiti akangophethira, koma inali ndi khalidwe limodzi labwino limene sindinaliyamikirepo n'kamodzi komwe: sinkatulutsa kanthu munthu asanadine batani lofiira la patebulo.

Pa mauthenga a maliro tinali ndi kachitidwe kathu. Ukudziwa kuti kwathu imfa sitiiponya ngati mwala. Amatumidwa akuluakulu, amafika, amakhala pansi, amapempha madzi akumwa, n'kuyamba ndi mawu akuti wodwala uja matenda amukulira. Choncho anthu amabwera ku ofesi kwathu ndi chithunzi cha womwalira n'kunena kuti, "Konzani uthenga, koma musunge kaye, mayi wake sanauzidwe." Ife tinkakonza kilipu n'kuiika m'kathumba kakekake ka m'makinamo, timati foda, kamene tinakalemba kuti DIKIRA. Achibale akaimba foni kuti tsopano zatheka, m'pamene tinkaichotsa mmenemo n'kuiulutsa. Lamulo limeneli silinalembedwe pena paliponse. Aliyense ankangolidziwa, ngakhale mayi wosesa, ndipo zaka zonse zimene ndagwira ntchito pano silinalakwikepo.

Mwezi wathawu bwana wathu a Boaz anagula seva yatsopano. Inabwera kuchokera ku Lusaka m'mabokosi, pamodzi ndi katswiri wodzaiika, dzina lake Keith. Ndisakunamize, Ketilina, makinawo ndinawakonda. Ndine ndinathandiza kuwakweza pa chitsulo chake, ndine ndinagwada tsiku lonse kumanga nthambo kumbuyo ndi kumata timapepala tosonyeza kumene iliyonse ikupita. Keith ankatsegula timadilowa ta kutsogolo n'kumandionetsa madisiki mmene amasungiramo zinthu, akuti imodzi ikafa inzake imapitiriza popanda woonera kuzindikira. Anali munthu wansangala, wolankhula chiLusaka chake chothamanga.

"Asisi," anatero akusisita makinawo, "iyi mashini siigona, siidwala, siipita ku maliro. Pulogiramu ikasila musanga, yeve izisakira yeka kilipu yolingana na mpata uja, yaika. Sikirini yakuda mwalaira nayo."

Ankatanthauza kuti pulogalamu ikatha msanga, makinawo amadzifunira okha kilipu yodzaza mpatawo. A Boaz anaseka mpaka kutsokomola, chifukwa dandaulo lawo la tsiku ndi tsiku ndi lakuti antchito awo timakhalira ku maliro. Nanenso ndinaseka. Tinagwirizana kuti makina awiriwo ayendere limodzi sabata yonse, Keith azikopera makilipu pang'onopang'ono kuchokera m'Chigayo, Lachinayi atiphunzitse tonse, ndipo Lachisanu tisamukire ku atsopano. Za foda ya DIKIRA sindinamuuze. Sindinabise, kungoti sizinandibwerere m'mutu. Mlendo sumuuza kuti pakhomo pano timasamba m'manja tisanadye.

Lachiwiri masana apolisi a ku Nyimba anandiimbira foni. Lole ya soya imene Petulo ankayendetsa inagubuduzika pa mapiri a Kacholola, ndipo iye anafera pomwepo. Nambala yanga ndi imene anaipeza pamwamba m'foni yake. Sindikumbukira mmene ndinatulukira m'chipindamo. Ndimangokumbukira ndili chikhalire pa sitepe ya kuseri, Jenny mnzanga wowerenga nkhani atandigwira mapewa, ine ndikuimbira amalume ku Lundazi. Iwo analankhula ngati munthu amene waika maliro ambiri.

"Iwe Tiyanjane, mvetsera. Mlongo wanga ali na BP. Asamve kwa mwana, asamve pa foni. Ine nifika mawa madzulo, nitenga akatekisiti na azimayi a mphakati, tikamuuze bwinobwino. Iwe konza uthenga ku nchito kwako kuti abale akutali akamve, koma usunge mpaka nikuuze."

Lachitatu m'mawa ndinakonza uthengawo ndi manja anga. Ndinasankha chithunzi chija anajambulitsa ku Mtenguleni pa mwambo wa Ncwala, atavala chikopa kumutu, akuseka mano onse pamtunda. Jenny anawerenga mawu ake, ndipo tinabwerezabwereza chifukwa akafika pa dzina mawu ankamuthera. Pomaliza, monga timachitira pa uthenga uliwonse, anatchula woupereka: mlongo wa malemu, Tiyanjane. Ndinauika m'foda ya DIKIRA m'Chigayo. Ndikutseka chitseko, foni inalira. Anali amama.

"Tiya, foni ya Petulo siilowa kuyambira dzulo. Wakamba naye?"

"Ni netiweki, amama. Kumapiri kuja ivuta."

"Ali bwino koma? Nalota zosaoneka bwino."

"Ali bwino, amama. Musade nkhawa."

Ndinanena zimenezo nditatsamira khoma. Ndi zimene mwana aliyense wa kwathu akananena, ndi zimene amalume anandituma, ndipo iwenso ukananena zomwezo. Kenaka ndinakwera galimoto ya abwana ake a Petulo kupita ku Nyimba kukatenga thupi.

Zimene zinachitika ku ntchito ine nditachoka ndinazimva kwa Jenny. Malaiti anapita monga mwa masiku onse chaka chino, jenereta inayaka, kenaka malaiti anabwerera mwamphamvu. Chigayo chinayamba kulira mwachilendo, kugogoda m'kati. Keith anati disiki ikufa, ndipo tikachedwa titaya zonse, nkhani za zaka ndi zaka pamodzi ndi malonda a anthu. A Boaz anachita mantha. Anati zonse zikoperedwe nthawi yomweyo, osasiya kanthu, ndipo TV isamukire ku makina atsopano tsiku lomwelo osadikira Lachisanu. Sindingawanene kuti analakwa. Ndikanakhalapo nanenso ndikanati tipulumutse katundu.

Chimene a Boaz sankadziwa n'chakuti makina atsopano sasamala za mafoda athu. Amakhuthulira zonse m'nkhokwe imodzi n'kuzisanja okha potengera mtundu wake, nyimbo kwa nyimbo, malonda kwa malonda, maliro kwa maliro. Chimene Keith sankadziwa n'chakuti pakati pa mauthenga a maliro pali ena oyenera kudikira. Mmodzi ankadziwa mwambo, wina ankadziwa makina, ndipo awiriwo anaima phewa ndi phewa kuyang'ana kamzere kobiriwira kakuyenda pa sikirini mpaka kukopera kunatha, n'kugwirana chanza.

Dzuwa litapendeka, mlangizi wa zaulimi amene ankayenera kulankhula pa pulogalamu sanabwere. Panatsala mpata. Makina anachita zomwe anagulidwira: anafufuza m'nkhokwe, anapeza uthenga watsopano kuposa onse, n'kuutulutsa. Jenny anali yekha m'chipinda cha makina. Akuti atangoona chikopa chija pa sikirini anakuwa, dzanja lake n'kuthamangira pamene pankakhala batani lofiira, koma linali litachotsedwa pamodzi ndi Chigayo, panatsala tebulo lokha. Zonse tsopano zimafuna mawu achinsinsi, ndipo mawuwo anali ndi Keith, amene anali atatsikira ku Down Shops kukagula timisomali ta nthambo. Jenny anakwawira kuseri n'kuzula nthambo ya magetsi. Makina sanazime. Ali ndi nthambo ziwiri za magetsi, dala, kuti imodzi ikazuka ulutsi usaime. Pamene ankafufuza yachiwiri m'chipiringu cha nthambo zimene ine ndinamanga bwino kwambiri, uthengawo unatha, ndipo poti mpata unalipobe, unayambiranso.

Ukudziwa kuti chigulireni Petulo ka TV ka sola kaja, amama saonera china chilichonse koma siteshoni yathu. Amati akuonera ntchito ya mwana wawo. Tsikulo anali pakhonde kwathu ku Chiparamba ndi anansi athu a Mainess, akusenda timtedza tochepa tomwe chilala chinatisiyira, chitseko chili chotsegula kuti aziona. Zotsatirazi a Mainess anandiuza akulira, ndipo ndikulemba monga anandiuzira.

Chithunzi chitatuluka, amama anaimirira, makoko a mtedza n'kumwazika pansi.

"Mainess, bwera uone! Petulo ali pa TV! Tiya wamuika mlongo wake pa TV!"

Analuluta, Ketilina. Analowa m'nyumba akuvina ndi mapewa. A Mainess amadziwa kuwerenga, choncho anaona mawu a pansi pa chithunzi amama asanamve kanthu, ndipo anathamangira kukazimitsa. Amama anawagwira chitenje.

"Leka nione mwana wanga. Nsanje chabe iwe."

Apo nyimbo ya maliro inayamba, kenaka mawu a Jenny. Amama anamvetsera zonse ali chiimire, osaphethira, kuyambira dzina, malo a ngozi, mpaka kumapeto. Uthengawo utayambiranso anamvetseranso. Kenaka anatembenuka n'kufunsa ndi mawu otsika.

"Ati wapereka uthenga ni ndani?"

"Ni Tiyanjane, amake Petulo. Tiyeni mukhale pansi."

"Tiya wamene nakamba naye m'mawa?"

Amenewo ndi mawu omaliza amene amama analankhula bwinobwino. Anagwa chammbali pakati pa chitseko, ndipo a Mainess anakuwa mpaka anthu anatuluka m'madimba.

Ine ndinali ku Nyimba, pakhomo pa nyumba yachisoni, ndikudikira kuti atipatse thupi. Foni inayamba kulira mosalekeza. Anzanga a kusukulu, azimayi a kwaya, anthu amene sindinalankhule nawo kwa zaka, onse kuti pepani, taona pa TV. Woyamba ndinamuyankha kuti walakwitsa. Wachiwiri atanena za chikopa cha kumutu, ndinadziwa kuti uthenga uja watuluka. Ndinaimbira amama, anayankha a Mainess ali m'galimoto ya munthu wachifundo yopita ku chipatala. Amalume anatsika basi madzulo monga analonjezera, anatenga akatekisiti ndi azimayi a mphakati, anayenda mwaulemu mpaka pakhomo pathu atakonzeka ndi mawu awo ofewa. Anapeza chitseko chili pululu, mtedza uli mbwee pakhonde, mudzi wonse ukulira kale.

Petulo tinamuika Lachisanu amama ali m'chipatala. Mayi amene anamubereka sanaone nkhope yake, sanaponye dothi. Pamene unaimba foni ija ndinali nditaima pambali pa manda, ndipo ndine ndinauza msuweni wathu kuti akuuze zoti amama atopa, agona. Ndinamva mawu ako ang'onoang'ono akutuluka m'foni, ukufunsa kachiwiri, ndipo ndinayang'ana kumbali. Pepa, mng'ono wanga.

Pobwera kumanda amalume anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Ninakupempha chinthu chimozi chabe, mwana wa mlongo wanga. Chimozi."

Ndinayesa kufotokoza za foda, za disiki, za nthambo ziwiri. Anandiyang'ana mpaka mawu anandithera.

"Ine za mawaya sinizidziwa," anatero. "Nidziwa kuti ninauza munthu, sininauze waya."

Keith anabwera ku maliro ndi a Boaz, atanyamula nkhuni ndi thumba la ufa. Munthu wansangala uja anali atafota. Anagwada pamaso pa amalume pa dothi, thalauza lake la m'tauni n'kuda, ndipo chiLusaka chija chinamuthawa, ankangoti pepani, sininadziwe. Ndinkafuna kumuda. Ndinayesetsa ndithu, chifukwa mtima umapepukako ukapeza womuloza chala, koma sizinatheke. A Boaz nawonso ndimawaona akalowa m'chipinda changa, amaima, amatsegula pakamwa, n'kutulukanso. Tsoka silinunkha, anthu amatero pondipepesa. Koma ine ndili ndi mkwiyo, Ketilina, mkwiyo wopanda mwini wake, ndipo umandidya pakati pa chifuwa tsiku lonse.

Keith asanabwerere ku Lusaka anakhala nane masiku angapo kukonza zinthu. Ntchitoyo sinamutengere nthawi n'komwe. Tsopano kilipu iliyonse ya maliro imalowa ndi kachizindikiro ka loko, ndipo makina sangaikhudze mpaka munthu atatsegula. Anatiikiranso batani lofiira patebulo, n'kupatsa aliyense mawu ake achinsinsi. Makinawo akuyenda bwino kwambiri. Chithunzi n'chowala, sikirini yakuda kulibe, amalonda akusangalala. Ndimakhala nawo kuyambira m'mawa, ndimawapukuta fumbi, ndimaphunzitsa anzanga kagwiritsidwe kake, ndipo ndimawadziwa kuposa aliyense pano. Chigayo chili pakona atachifunditsa nsalu. Anthu obweretsa mauthenga a maliro sanasiye kubwera, koma tsopano amayamba afunsa kuti, "Mashini yanu ija izadikira?" Amafunsa ine, osadziwa kuti ndine ndani.

Tsopano za amama. Atawatulutsa m'chipatala ndinawatengera kuno ku Kapata, chifukwa amafunika kupita kukawongoledwa dzanja ndi mwendo. A Mainess anabwera nawo kudzandithandiza, Mulungu awadalitse. Tsiku loyamba ndinaphika phala lothira nsinjiro, momwe amalikondera, ndinakhala pamphepete pa bedi n'kuwayandikizira sipuni. Anandiyang'ana ndi diso lawo lakumanzere, lomwe likuona bwino, n'kutseka pakamwa. Kenaka anatembenuzira nkhope kukhoma. A Mainess atatenga mbale yomweyo, sipuni yomweyo, amama anadya.

Ndinkati ndi za tsiku limodzi. Sizinasinthe. Amalola kuti ndiwasambitse, ndiwatembenuze, ndiwachotsere zoipa, poti sangachitire mwina, koma maso amakhala kudenga. Chakudya ndiye ayi. Ndinagwada pansi n'kuwauza kuti, "Amama, ni amalume ananiletsa. Ninafuna mumve bwino, muli na anthu pafupi." Amalume eni ake anabwera, anakhala pampando n'kuwauza mlongo wawo kuti mwanayu alibe mlandu, lamulo linali lawo. Amama anawamvetsera, misozi ikutsikira m'khutu, ndipo analandira nthochi kuchokera m'dzanja lawo. Ine nditabweretsa madzi oti atsitsire, anatseka pakamwa. Sindikudziwa chimene chili m'mutu mwawo. Mwina ndi bodza la m'mawa uja. Mwina amaganiza kuti ndinasankha kuuza dziko lonse ndisanauze iwo. Mwina akandiona amaona chithunzi chija. Sangandiuze, ndipo chimenecho ndi chomwe chimandipweteka koposa, chifukwa amama athu aja akanakhala ndi pakamwa akananditukwana tsiku limodzi, mawa lake n'kundituma kukatunga madzi.

Sabata yatha mwana wamkazi wa a Mainess anachira ku Madzimoyo, anabereka mwana wamwamuna, ndipo iwo anayenera kupita kuchikuta. Sindikanawaletsa. Beauty, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amakhala ndi amama ine ndikakhala ku ntchito, koma sanamuzolowere, amangolawa sipuni imodzi kapena ziwiri n'kusiya. Mankhwala a BP safuna m'mimba mopanda kanthu. Patapita masiku ochepa mphete ya ukwati ija imene atate anawaveka inavuka yokha pa chala, ndinaipeza m'bulangete. Adokotala anati zikapitirira adzawaika kapaipi m'mphuno, ndipo anandifunsa ngati pakhomo palibe munthu wina amene mayiwa amamukonda. Anafunsa mwaulemu, osadziwa kuti akundilasa.

Chimene ndikulembe tsopano palibe wachibale amene akuchidziwa. Pakati pa katundu amene tinabweretsa kuchokera ku Chiparamba panali duku lako loyera ndi chitenje chako cha kwaya. Lachinayi lapitali m'mawa kunazizira, duku langa linali lonyowa pa chingwe, ndiye ndinangomanga lakolo. Ndinalowa ndi phala monga mwa masiku onse, ndilibe chiyembekezo, n'kukhala mbali yakumanja kumene diso lawo limaona mwachimbuuzi, makatani asanatsegulidwe. Ukudziwa mmene anthu amatisokonezera ife awiri tikafunda kumutu. Amama anatembenuka pang'onopang'ono. Milomo inanjenjemera, inalimbana, kenaka panatuluka liwu.

"Keti."

Liwu loyamba chigwereni. Ndinafuna kunena kuti ayi amama, ndine Tiya. Pakamwa pawo panali patatseguka kale kudikira sipuni. Ndinawapatsa. Anamaliza mbale yonse, ndipo ndi dzanja lawo lamoyo anandisisita bondo. Ndinatuluka, ndinakalowa m'bafa, ndinaluma thaulo kuti asandimve.

Tsiku loyambalo inali ngozi, koma masiku otsatirawa ndachita dala. M'mawa ndi madzulo ndimatsanzika ngati Tiyanjane, ndimatulukira khomo lakutsogolo, ndimazungulira kuseri, ndimavala chitenje chako ndi duku lako, n'kulowa ndi mbale ndikung'ung'udza nyimbo momwe umachitira iwe ukamatsuka mbale. Sindilankhula, poti mawu angandigulitse. Beauty ndiye anawauza kuti, "Ketilina wabwera, amama, koma masisitere amulamula kukhala chete mpaka akalumbire." Amama anagwedeza mutu, zinawakomera. Ndakusandutsa woyera mtima usanalumbire n'komwe. Akudya, akumwa mankhwala, dzulo mpaka anakhala tsonga. Ndikalowanso ngati Tiyanjane kudzatenga mbale, nkhope imabwerera kukhoma.

Ndikanatha kupitiriza chonchi mpaka Disembala, ndipo kalata ino sindikanalemba. Koma dzulo madzulo anandigwira dzanja. Chala chawo chinayenda m'chikhatho changa n'kuima pa chipsera chimene ndinapsa ndi chitsulo chowotcherera mawaya, chomwe iwe ulibe. Anachisisita nthawi yaitali, akuyang'ana kudenga. Kenaka anandisiya, anatsegula pakamwa, anadya pang'ono n'kukana zotsala. Lero m'mawa adya theka, ndipo sanatchule dzina lililonse. Kaya azindikira, kaya akungokayika, sindikudziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti tsiku limene adzatsimikize kuti Tiya wawanamizanso, sadzadya kwa ine, ndipo ndikuopa kuti sadzakhulupiriranso duku loyera ngakhale utalivala iwe mwini wake.

Choncho bwera, Ketilina. Ndikudziwa chimene ndikukupempha. Ndikudziwa kuti ukachoka tsopano malumbiro angakankhidwire chaka china, ndipo ndikukumbukira mmene unalimbanirana ndi atate kuti akulole kupita kumeneko. Sindikanakusokoneza pa chinthu chaching'ono. Onetsa kalata ino kwa aSisitere aakulu, aiwerenge yonse, ngakhale za bodza langa, ndilibenso manyazi oti ndisunge. Za ulendo usade nazo nkhawa, ungondiimbira ukafika ku Lusaka. Ukatsika basi usagogode kutsogolo. Udzere kuseri, ndikakupatse chitenje chako, ndipo ukalowa ulankhule nawo, uwauze kuti masisitere akumasula pakamwa. Akufunika kumva mawu a mwana amene amamukhulupirira.

Upereke moni wanga kwa aSisitere onse, ndipo uwapemphe atikumbukire pa Misa, amutchule Petulo ndi dzina. Beauty akupereka moni, akuti ufulumire chifukwa iye ndi wa mpingo wina ndipo mabodza a Akatolika amulemera. Jenny akupereka moni, sanayambebe kuwerenganso mauthenga a maliro. A Mainess anaimba foni, mwana ndi mayi ake ali bwino, akuti akupatse moni. Moni wa amalume palibe, poti sakudziwa kuti ndalemba, ndipo mlandu umenewo ndidzausenza ndekha.

Amama sanapereke moni. Sindinawafunse, chifukwa kwa iwo iwe uli konkuno, ndipo madzulo ano ubwera ndi phala.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Tiyanjane